Bambo Atasiya Kuyambitsa Nyimbo

Khwethemule, Thyolo
9 Juni 2024

Okondedwa achimwene a Crispin,

Landirani moni m'dzina la Ambuye. Muli bwanji ku Joniko? Kuno tilipo, kungoti chiperoni chagwa masiku anayi osalekeza. Kuesiteti tayamba kudulira tiyi, ndiye tikumaweruka msanga.

Kalata ino ndailemba kawiri chifukwa yoyamba inali ndi zofufuta zambiri. Pamene ndalakwitsa mundikhululukire.

Kiyibodi ija munatumizira mpingo inafika bwino pamodzi ndi sipika yake. A Dauda ataitsitsa m'thiraki mwawo pa Luchenza anakana kuti ikwere kabaza, akuti ingagwe. Anaisunga kugolosale ya akazi awo mpaka amalume a Goodson anapita ndi a kwaya kukainyamula pamutu.

Inalira koyamba Lamulungu la pa 26 Meyi. Amalume, monga mkulu wa mpingo, anaimirira n'kuwerenga mawu anu aja, oti mphatsoyi ndi yothokoza Bambo chifukwa choyambitsa nyimbo m'tchalitchi muno zaka makumi atatu ndi chimodzi. Anthu anaomba m'manja, amayi analuluta. Amene akuiliza ndi a Gracious, aphunzitsi atsopano a kupulayimale. Ndi munthu waulemu, ndipo amaitha ndithu.

Munafunsa kuti ndikuuzeni zimene Bambo anena. Anaisisita ndi dzanja n'kumwetulira. Sanalankhule zambiri. Masiku ano akupuma kaye kunyumba.

Ndili ndi zopempha ziwiri. Choyamba, mukamaimba foni kwa amalume musamawauze kuti abwere nayo kuno kuti mulankhule ndi Bambo. Muzingolemba kalata, ine ndiziwawerengera. Chachiwiri, ngati kumeneko kuli mankhwala abwino a pakhosi, mupatsireko a Dauda. Ndi a ine.

Kodi chaka chino mubwera?

Ndine mlongo wanu,
Teleza


Johannesburg
30 Juni 2024

Teleza,

Moni. Ine ndili bwino, ntchito yowotcherera mageti ikuyenda. Mankhwala ako ndapereka kwa a Dauda.

Kalata yako ndaiwerenga, koma zimene wasiya kulemba ndazimva kwa amalume pafoni. Akuti kiyibodi itangolira, Bambo anatseka buku la nyimbo, n'kutuluka anthu onse akuona, ndipo mpaka lero sanapondenso kutchalitchi. Iwe ukuti akupuma. Akupuma chiyani?

Ndikuuze zoona, zandipweteka. Chaka chonse ndakhala ndikugona m'kachipinda ka malata ndi anthu atatu, osagula ngakhale jekete, kuti Bambo alemekezeke pamaso pa anthu. Ndinkafuna kuti akamayambitsa nyimbo, kumbuyo kwawo kuzilira chinthu chabwino ngati m'matchalitchi a kuno. Sindinatumize munthu wodzawalanda malo.

Ndimawadziwa Bambo. Ndili mwana ndinalowa kwaya, ndinangophonya mzere umodzi anandiyang'ana diso lija, sabata yonse osandilankhula. Nyimbo amaziyesa munda wawo. Koma nyimbo ndi za Mulungu, si za a Edson Muhiwa.

Uwauze kuti asiye kunyada, abwerere. Usafewetse mawu, ndikukudziwa iwe, ukamawerenga kalata umadumpha pamene pakuwawa. Ndipo ngati akukana kulankhula nane pafoni, anene okha, asamabisale kumbuyo kwa mwana wamkazi.

Zobwera iwala kaye. Mapepala anga anatha, ndikatuluka sindilowanso.

Mchimwene wako,
Crispin


Khwethemule
21 Julayi 2024

Okondedwa achimwene,

Moni. Ndikhulupirira Ambuye akukusungani. Mankhwala afika, zikomo kwambiri.

Achimwene, Bambo sanakwiye ndi mphatso yanu. Ichi chokha ndikupemphani mundikhulupirire. Pali chinthu chimene ndinalonjeza kuti sindinena, ndiye cholembera chikumaima ndikafika pamenepo.

Akulu a mpingo abwera kawiri kudzawaona. Ulendo woyamba ndinawauza kuti Bambo apita kwawo ku Chimaliro. Wachiwiri ndinati ali kudimba. Maulendo onse awiri anali m'nyumba. Ndanama kwa akulu a mpingo, ine amene ndimalephera ngakhale kuyankha kapitawo akandidula makilo pa sikelo. Lamulungu ndikumakhala benchi yakumbuyo, ndipo ndikumatuluka pemphero lomaliza lisanathe kuti anthu asandifunse.

Koma kuntchito sindingathawe. Lachitatu tikudya, mayi Esnat, aja ankatchola tiyi mzere umodzi ndi malemu Amayi, anandikoka chitenje.

Anati, "Iwe, bambo ako atitaya chifukwa chiyani? Chilimba chija n'chokoma, sindikukana, koma chimathamanga ngati minibasi ya ku Limbe. Ife osadziwa kuwerenga tikungoyasama."

Ndinati, "Muzolowera, mayi."

Anati, "Ndizolowere chiyani ndi mano atatu otsalawa? Bambo ako amatitchulira mawu mzere umodziumodzi, ife n'kumatsatira. Nyimbo zonse zimene ndili nazo m'mutumu anandiikira ndi iwowo. Mwana wanga atamwalira, anayenda wapansi mvula ikugwa kudzayambitsa nyimbo, mpaka mawu anawathera. Ukawauze kuti Esnat akuti ngati talakwa atikhululukire."

Nditafika kunyumba ndinawauza Bambo. Anatembenukira kukhoma.

Ine, ngakhale ndimawawerengera makalata, m'tchalitchi sindinkakumbuka kuti Bambo nawonso sadziwa kuwerenga. Ndinkangoona atatsegula buku. Nyimbo zonse zija anaziphunzira ndi makutu, akugwira ntchito ya ulonda kufakitale, n'kumazibwereza okha mpaka zitakhazikika. Buku amaligwira chifukwa cha ulemu basi.

Musawaweruze msanga. Ngati pali njira iliyonse yobwerera, bwerani.

Mlongo wanu,
Teleza


Khwethemule
11 Ogasiti 2024

Kwa Crispin, mwana wa mlongo wanga,

Chisomo ndi mtendere zikhale nawe. Ndasankha kulemba m'malo moimba foni kuti pasadzakhale wonena kuti a Goodson anawonjezera kapena kuchotsa.

Ndikukudziwitsa ndi mtima wosweka kuti lero abusa atabwera, bwalo la akulu a mpingo lakhala pansi ndipo ladula bambo ako mu mpingo.

Sitinathamange. Tinapita kawiri, mlongo wako n'kutibweza. Ulendo wachitatu tinapita akulu asanu, monga mwa lamulo. Tinaima pawindo. Ine mwini ndinaitana katatu dzina lawo lonse, ndinati mpingo ukukuitanani. Ndinafunsa Teleza ngati ali mkatimo, anavomera. Ndinafunsa ngati akutimva, anavomeranso. Koma munthu sanayankhe ngakhale kutsokomola. Kujomba ndi nkhani yaing'ono, tikanapirira. Kukana kuyankha mpingo ukakuitana ndi kunyoza.

Usaganize kuti ndachita izi chifukwa cha chidani. Alamu angawa tinamanga nawo tchalitchi chija tikuumba njerwa Loweruka lililonse. Palibe ukwati, ubatizo kapena maliro m'dera lino kumene sanayambitseko nyimbo, ndipo sanapemphepo ngakhale sopo. Mayi ako anawaimbira okha kuchipatala mpaka anatsirizika. Pokweza dzanja lero ndinali womaliza. Koma ndikalekerera mlamu wanga, mawa ndidzadula bwanji mwana wa munthu wina?

Iwe unakulira mu mpingo uno, ukudziwa tanthauzo lake. Munthu wodulidwa akamwalira asanalape, timapita ngati anansi chabe. Amayi savala yunifomu, sipakhala ulaliki, ndipo sipaimbidwa nyimbo, kunyumba, panjira, kapena kumanda. Sindikuwafunira imfa, ndi munthu wamphamvu. Koma moyo suli m'manja mwathu. Alembere, mwina iwe akumvera.

Kiyibodi ikugwira ntchito bwino, achinyamata achuluka.

Malume ako,
Goodson Nahuwo


Khwethemule
25 Ogasiti 2024

Achimwene,

Moni. Lero ndikuphwanya lonjezo limene ndinachita nditagwira Baibulo la malemu Amayi. Mulungu andikhululukire, sindingathenso.

Bambo alibe mawu. Atha.

Zinayamba itangopita Khirisimasi. Mawu ankasasa, iwo n'kumati ndi chimfine. Pa Pasaka anamwa uchi ndi mandimu sabata yonse ndipo anakwanitsa, koma atafika kunyumba analavula magazi pang'ono. Tsiku la kiyibodi lija anavala jekete yawo yakuda mokondwa, ankanena za inu njira yonse monong'ona. Aphunzitsi atakhudza kiyibodi, anthu onse anayang'ana Bambo kuti atchule mzere woyamba. Ine ndinali pafupi. Anatsegula pakamwa, panangotuluka mpweya. Anayesanso, chimodzimodzi. Sipika inkalira kwambiri, ndiye palibe anazindikira. Anthu anangoona munthu akutseka buku n'kutuluka.

Kunyumba anali akuthabe kunong'ona. Anandiuza kuti nditseke chitseko. Anati, "Teleza, ukuwadziwa anthu a kuno. Akamva kuti mawu anga athera tsiku limene mphunzitsi uja wayamba kuliza, anena kuti wandilodza kuti atenge malo. Ndi mlendo, alibe womuteteza, amugenda. Ndipo chinthu cha Crispin achitcha chotembereredwa, achitaya kunja. Ndichira kaye, ndikabwerera ngati palibe chinachitika." Ndiye anandigwiritsa Baibulo.

Sanachire. Mwezi wa Julayi ndinapita nawo kuchipatala pakabaza, titawafunditsa bulangete, kudzera njira ya m'mabulugamu kuti tisakumane ndi anthu. Adokotala anati pakhosi pali chotupa, tipite ku Blantyre. Bambo anakana. Titabwereranso sabata yatha, adokotala anandiitanira pambali n'kunena kuti chakula kwambiri, ndizingowasamalira kunyumba. Tsopano akungomwa phala lamadzimadzi, masipuni asanu kapena asanu ndi imodzi. Ngakhale kunong'ona kuja kunatha. Tikumalankhulana ndi manja. Mankhwala aja sanali a ine.

Tsiku limene akulu asanu anabwera, Bambo anali atakhala pamphasa kuseri kwa chitseko. Ndinkawaona pa mpata. Amalume akaitana, iwo pakamwa pankayenda, akuyankha kuti ndili pano, koma osamveka. Ine ndinali panja, maso pansi. Amalume atandifunsa ngati Bambo akumva, ndinaopa kunama kachitatu, ndinati eya. Ndikanangoti tsegulani chitseko muone. Mawu atatu okha. Ndinawakonza m'kamwa, koma amuna asanu a majekete atandiyang'ana, ndinawameza.

Nditawauza kuti adulidwa anakhala nthawi yaitali osagwedezeka. Kenako analoza kumanda, n'kuloza khutu lawo, n'kundiyang'ana. Ndinamva funso lawo. 

Achimwene, munthu amene waimbira maliro a mudzi wonse apite ngati chinthu chotayidwa? Ine kupita kwa amalume ndayesa kawiri, ndikumabwerera pa mpanda. Inu mumatha kulankhula. Aimbireni foni, auzeni zonse. Muwapemphenso kuti dzina la aphunzitsi lisatchulidwe.

Kalatayi ndikaisiya kwa akazi a a Dauda mawa.

Teleza


Johannesburg
27 Ogasiti 2024

Teleza,

Moni. Za kudulidwa ndamva. Manyazi ake afika mpaka kuno, chifukwa pali anyamata a kwathu amene timapemphera nawo.

Iyi uwawerengere Bambo yonse. Bambo, mwasankha nokha. Akulu asanu kuima pawindo panu ngati opempha mchere, inu duu. Mwaphunzitsanso mwana kunama. Ngati ulemu wanu ndi waukulu kuposa mpingo, khalani nawo. Ine sindilembanso mpaka nditamva kuti mwapita kukagwada pamaso pa bwalo. Ndipo tsiku lina mukadzaikidwa mwakachetechete, pasadzapezeke wondiloza chala.

Iwe Teleza, usiye kuwaikira kumbuyo.

Crispin


Johannesburg
3 Okutobala 2024

Teleza mlongo wanga,

Kalata yako ya pa 25 Ogasiti ndailandira dzulo. A Dauda akuti thiraki inafera ku Limbe, inakhala pagalaja masabata anayi, kalata ili m'thumba la jekete. Ndaiwerenga nditaima pamsewu. Kuntchito sindinapite.

Ndawaimbira amalume nthawi yomweyo. Ndawawerengera yonse, mawu ako omwe.  Akuti abwera kunyumbako.

Ndiuze chinthu chimodzi, usandinamize. Kalata yanga ija ya mu Ogasiti, unawawerengera? Yonse?

Uwauze Bambo kuti Crispin ndi chitsiru. Uwauze kuti mzere uja ndinaphonya ndili mwana ndimauimba bwino tsopano. Sindikudziwa china choti ndilembe. Undilembere chilichonse, ngakhale masipuni a phala.

Crispin


Khwethemule
20 Okutobala 2024

Okondedwa achimwene,

Moni. Kuno kwatentha, tiyi wapsa nsonga, tikudikira mvula.

Mwati ndisakunamizeni. Kalata ija Bambo anaiona ndisanaibise, anazindikira kalembedwe kanu pa envulopu. Anandikhazika pansi. Ndinawerenga moni, kenako ndinayamba kupeka, ndinati Crispin akuti akukupemphererani. Koma ndinawerenga nthawi yochepa kuposa kutalika kwa mawu. Anandilanda pepalalo, analiyang'ana, analipinda bwinobwino n'kuliika m'buku la nyimbo. Sindikudziwa chimene anamva. Yatsopanoyi ndawawerengera yonse katatu. Pa chitsiru paja anagwedeza mutu kuvomera, akumwetulira.

Amalume anabwera pa 4, masana. Mayi Esnat anawaona akulowa, nawonso anangolowa osaodira. Amalume ataona mmene Bambo aondera anakhala pansi penipeni, osadikira mpando.

Anati, "Alamu, mumaopa kuti anthu anena kuti aphunzitsi akulodzani?"

Bambo anavomera ndi mutu.

Amalume anapukuta kumaso. Anati, "Akananenadi. Ndimawadziwa anthu anga." Kenako anati, "Koma inenso mpaka kundibisira? Ine amene ndimaimba ngati chitseko chadzimbiri, inu n'kumandipirira zaka zonsezi?"

Bambo anaseka. Mapewa ankagwedezeka, koma osamveka kanthu. Pamenepo amalume analira.

Atakhazikika ndinalimba mtima, ndinafunsa ngati dzina libwezeretsedwe. Anati si za munthu mmodzi. Limene linadula ndi bwalo, abusa alipo, ndiye lobwezeretsa ndi lomwelo. Abusa athu ali ndi matchalitchi khumi ndi limodzi, kuno adzafika pa 3 Novembala. Amalume anatinso lamulo limati munthu alape ndi pakamwa pake.

Mayi Esnat anati, "Pakamwa pake pati, a Goodson? Mwadyapo zaka makumi atatu pakamwa pamenepo, lero mukufunanso chiyani?"

Amalume anati, "Mayi, lamulo sindinalembe ine."

Mayi Esnat anati, "Nanga dzanja munakweza lija linali la yani?"

 Amalume anagwira dzanja la Bambo n'kuwafunsa mafunso onse a kulapa m'Chilomwe, limodzilimodzi, Bambo n'kumawafinya dzanja. Atatha anati, "Ine ndamva. Ndikachitira umboni kuti ndamva." Anaimbira foni abusa tili pomwepo. Abusa anamva chisoni, anati apemphera, koma bwalo silikhala pafoni. Amalume anapempha kuti abwere msanga. Abusa anati ayesa.

Tsopano anthu adziwa. Akumabwera poweruka, ena ndi nthochi, ena ndi mazira, zinthu zimene Bambo sangameze. Za ufiti zinayamba kumveka pa mjigo, koma amalume analengeza m'tchalitchi kuti ndi matenda a kuchipatala ndipo wonena zina akaonekera kubwalo. Aphunzitsi anabwera okha, anagwada pakhomo, Bambo anawaika dzanja pamutu.

Phala tsopano ndi masipuni awiri. Kwatsala masiku khumi ndi anayi. M'mawa uliwonse Bambo amandifunsa ndi zala, ine n'kuwaonetsa zotsala. Pempherani kuti afike.

Mlongo wanu,
Teleza


Khwethemule
10 Novembala 2024

Okondedwa achimwene a Crispin,

Moni. Ndikhulupirira mwayambanso kudya. Amalume akuti pafoni munkalephera kulankhula.

Ndiyambe ndi zimene mwamva kale. Bambo anatisiya Lachiwiri pa 29 Okutobala, dzuwa litakwera, nditangowasambitsa. Kunatsala masiku asanu. Tinaika Lachinayi, pafupi ndi Amayi. Lamulungu abusa anafika, bwalo linakhala, ndipo dzina la Bambo linabwezeretsedwa m'kaundula popanda wotsutsa. Mpingo wonse unaimirira, abusa anathokoza Mulungu chifukwa cha utumiki wawo, ndipo panaimbidwa nyimbo zitatu ndi kiyibodi. Ine bwalo landipatsa miyezi itatu yosadya mgonero chifukwa chonamiza akulu. Ndavomera, n'zoona ndinanama.

Amalume akuti munawapempha kuti ndikulembereni nyimbo zonse zimene zinaimbidwa pa maliro, kuti mukaziimbe ndi anzanu kumeneko. Iwo alephera kukuuzani, ndiye andisiyira ine.

Achimwene, sipanaimbidwe nyimbo.

Amalume anaimbira abusa kanayi. Abusa anapempha kuti tisunge thupi mpaka Lamulungu, koma ndi kutentha kuno zinali zosatheka. Akulu ena awiri anati tingoimba, Mulungu akudziwa. Ena awiri anati chaka chatha tinaika mwana wa a kapitawo mwakachetechete chifukwa anali wodulidwa, mayi ake akutiyang'ana, tikaimbira uyu tidzawauza chiyani? Onse anayang'ana amalume. Amalume anati lamulo likhale.

Sindinaonepo anthu ochuluka chotere. Kuesiteti magulu atatu sanapite kuntchito, akapitawo anangobwera nawo. Anabwera a ku Chimaliro, a mipingo ina, a Dauda ndi abale awo anatseka golosale. Amayi a mpingo wathu anavala zitenje wamba, mayunifomu anawasiya kunyumba. Anthu onsewo, koma munkamva nkhuku zikupalasa kuseri kwa nyumba. Wina akatsokomola, onse ankatembenuka.

Ponyamuka kupita kumanda tinadzera msewu wa pakati pa tiyi, uja wotsetsereka. Ine ndinali kumbuyo kwa bokosi, mayi Esnat atandigwira mkono. Poyamba aliyense ankayenda zake. Titadutsa pa shedi yoyezera masamba, ndinamva mapazi ayamba kugunda pamodzi, pang'onopang'ono, ndipo onyamula bokosi nawonso anachepetsa liwiro. Ndinadzutsa maso. Milomo ya mayi Esnat inkayenda. Ndinayang'ana kumbuyo, amayi onse chimodzimodzi, ndi amuna omwe, mpaka kumapeto kwa mzere. Ankatsegula pakamwa pamodzi, kupuma pamodzi, koma osatulutsa mawu. Inali nyimbo ija Bambo ankayambira nayo nthawi zonse poperekeza maliro, yaitali ija. Pakati pa mzere ndi mzere ankaima pang'ono, pamene Bambo amatchulira mawu, kenako n'kupitiriza.

Amalume anali patsogolo pa bokosi. Sanatembenuke ngakhale kamodzi, ndiye pakamwa pawo sindinapaone.

Sindikudziwa ngati kumwamba zimenezi amaziwerenga kuti ndi nyimbo. Ndaopa kufunsa abusa. Inenso ndinatsegula pakamwa, ndinafika ndime yachiwiri, kenako sindinathenso.

Titafika kumanda inali isanathe. Bokosi linatsitsidwa, adzukulu anatenga makasu. Wamkulu wawo anayang'ana amayi aja, n'kukweza dzanja. Anaima choncho, makasu ali m'manja, dzuwa likuwotcha, mpaka milomo yonse inatsekeka. Kenako anakwirira.

Ndi zimenezo, achimwene. Ndalemba kamodzi kokha, zofufutazo muzingodumpha.

Ndine mlongo wanu,
Teleza